Jambulani manja, osati bwana

Mphwanga amapanga mapulogalamu a pakompyuta. Sitolo ina yogulitsa simenti ndi malata inamupatsa chikalata chochindikala, cha Chingerezi chokhachokha, chofotokoza zomwe pulogalamu yawo yowerengera katundu iyenera kuchita. Mabwana onse anali atasainapo. Anawerenga mpaka mutu kuwawa, kenaka anangopempha kuti aime pambali pa kauntala, ajambule pafoni mayi wolemba malisiti ali pantchito.

M'kavidiyomo munatuluka zomwe chikalata sichinatchule n'komwe. Kasitomala amalipira matumba 50 a simenti, n'kunyamulako 10 okha, ati otsalawo adzatenga nyumba ikafika pa lintala. Mayi uja amalemba ndi pensulo kumapeto kwa buku, n'kuikapo kachizindikiro kodziwa yekha. Atafunsidwa kuti bwanji sananene, anadabwa: "Aa, nanga imeneyo ndi nkhani? Aliyensetu amadziwa."

Ndi mmene zimakhalira. Munthu akazolowera ntchito, manja amangoyenda okha, mwiniwake osadziwanso kuti akuchita chiyani. Mukamufunsa pamsonkhano, akuuzani zomwe akuganiza kuti bwana akufuna kumva. Pavidiyo palibe zimenezo: mumaona pomwe waima kaye, pomwe wanyambita chala kuti atsegule tsamba, pomwe magetsi athima iye n'kupitiriza ngati palibe chachitika. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo vidiyo mutha kuibwereza mpaka mutawaona.

Nzeru yogwiritsa ntchito vidiyo popanga mapulogalamu si ya dzulo. Mu 1987 kampani ya Apple inatulutsa filimu ya Knowledge Navigator, yoonetsa pulofesa akucheza ndi kompyuta yopindika ngati buku, chinthucho kulibe n'komwe. Sun Microsystems inachitanso chimodzimodzi ndi Starfire mu 1994. Drew Houston anakopa anthu ndi kavidiyo koonetsa mmene Dropbox idzagwirire ntchito isanafike pamsika. Ku Germany, pa yunivesite ya ku Hannover, Kurt Schneider ndi anzake akhala akufufuza mmene vidiyo ingathandizire opanga pulogalamu ndi eni ntchito kumvana.

Komabe filimu ya Apple ija imandikayikitsa. Inali yokongola kwambiri, koma zofanana ndi zomwe inaonetsa zinachedwa kubwera: iPad inadzatuluka mu 2010, Siri n'kulowa mu iPhone mu 2011. Muonetseni kasitomala zoterozo lero, akufunsani ngati zikhale zitatheka pofika kumapeto kwa mwezi. Komanso pali zina zofunika kulembedwa basi. Msonkho wa VAT, kapena woyenera kuvomereza ngongole, simungazisiye m'filimu kuti munthu azizisakasaka ndi chala. Akatswiri a mapulogalamu 17 omwe anakumana ku Snowbird ku Utah mu 2001 n'kulemba mfundo za Agile sananene kuti zikalata ziwotchedwe. Anangoti pulogalamu yogwira ntchito ndiyo ikhale patsogolo.

Chondinyansa ine ndi chomwe chija mukuchidziwa kale. Kuno kwathu bungwe likafuna "kumva maganizo a okhudzidwa", limasungitsa malo kunyanja, ku Mangochi kapena ku Salima. Opita ndi akuluakulu omwe sanagwirepo buku la malisiti chiyambire ntchito. Amamata timapepala tamitundumitundu pakhoma, kudya chambo, kusainira alawansi, n'kubwerako ndi lipoti. Kalaliki yemwe adzalimbane ndi pulogalamuyo tsiku ndi tsiku amatsala pawindo, poti mzere wa anthu sungadikire. Pulogalamu ikabwera yosathandiza, wolakwa ndi yemweyo, ati ndi wamakani, safuna kuphunzira zatsopano.

Ndiye ndikuopa kuti akuluakulu omwewa akamva zoti vidiyo ndi yothandiza, aitanitsa kampani yojambula. Kubwera drone kudzazungulira denga la ofesi, nyimbo yapansipansi, geti kutseguka pang'onopang'ono, kenaka bwana wamkulu atamanga tayi, kufotokoza za masomphenya a bungwe kwa mphindi 20. Antchito adzawauza dzulo lake kuti avale bwino ndi kuchotsa mabuku akale onse patebulo.