Mpando watsala pa tebulo lathu, ndipo sitinaupereke kwa katswiri

Asisi, nkhani ya lero ikuoneka yachibwana, koma yatikanganitsa masabata atatu athunthu pa gulu lathu la WhatsApp, mpaka wina anatuluka n'kubweranso m'mawa mwake.

Ndife atsikana asanu amene takhala tikusewera Dungeons & Dragons pa intaneti kuyambira mu 2020, nthawi imene Covid inatitsekera m'nyumba. Awiri tili ku Lilongwe, mmodzi ku Blantyre, mmodzi ku Mzuzu, wachisanu anali ku Johannesburg. Mwayi wake, Malawi ndi South Africa nthawi ndi imodzi, nde Lamlungu limodzi pa masabata awiri aliwonse, 7 koloko madzulo, timakumana pa Discord mpaka wina ayambe kuyasamula kapena magetsi athime kwa wina. Pano mnzathu wa ku Joni uja wapeza ntchito ya unesi ku Britain. Mashifiti ake ndi a usiku, ndipo watiuza mosapsatira kuti tisamudikire. Tamusangalalira, talirako pang'ono, mpando wake watsala.

Amene simunamvepo za masewerawa, musaganize za gemu ya pa foni yodinadina ija. Ndi nthano imene anthu amapeka limodzi. Mmodzi amatsogolera, ndiye amatchedwa Dungeon Master. Iyeyo ndi amene amafotokoza dzikolo: mudzi, mtsinje, mfumu yachinyengo, chilombo chobisala m'phanga. Enafe aliyense ali ndi mtengambali wake, munthu wa m'nkhanimo amene anamupanga yekha, wokhala ndi dzina, mbiri, zimene amatha ndi zimene amaopa. Wotsogolera akati, “Mwafika pa chipata, mlonda wakana kutsegula,” iwe umanena chimene mtengambali wako achite: amunyengerera, amupatsa kangachepe, kapena adumpha mpanda. Kenako umaponya dayisi ya mbali 20. Ikagwa nambala yayikulu zatheka, ikagwa 1 wagwa chagada aliyense akuseka. Agogo akati “padangotero” ife tinkangoyankha kuti “tili tonse”. Apa ndiye tili tonsedi, chifukwa aliyense atha kukhotetsa nkhani, ndipo ngakhale wotsogolerayo sadziwa kumene ikathere.

Titangonena kuti pali malo, anabwera anthu awiri. Woyamba ndi mnyamata, amagwira ntchito limodzi ndi mmodzi wa ife. Wasewera zaka zoposa khumi, malamulo amawadziwa pamtima, ali ndi laputopu yabwino ndi intaneti ya kunyumba yosadukaduka. Wachiwiri ndi mtsikana wa zaka 22, amagulitsa kaunjika pa Facebook, dayisi ya mbali 20 sanaigwirepo chibadwire. Anamva za ife kwa msuweni wake, ndipo uthenga wake woyamba unali wakuti iye sadziwa chilichonse koma amakonda kupeka nkhani, kaya tingamulole kumangomvera.

Tinawaitana aliyense tsiku lakelake kuti tiyesere limodzi, ndipo tasankha mtsikanayo.

Tinene msanga kuti mnyamatayo si munthu woipa. Anafika pa nthawi, anapereka moni kwa aliyense, sanalankhule chilichonse chonyansa. Koma mu ola limodzi anakonza wotsogolera wathu katatu pa nkhani ya malamulo. Ndipo chowawa n'chakuti katatu konseko ankanena zoona. Tikanati tikatsegule buku, akanapambana iye. Chimene tinaona n'chakuti atamukonza kachiwiri, wotsogolera wathu, amene wanyamula nkhaniyi zaka zonsezi, anayamba kumaliza chiganizo chilichonse ndi “kapena ndalakwitsa?” Mnzathu wa ku Mzuzu, amene kale ndi wofatsa, sanalankhulenso mpaka kumapeto. Palibe amene anamuuza kuti akhale chete. Zinangochitika, monga zimachitikira m'misonkhano ya kuntchito ndi m'makalasi a ku koleji, kumene wodziwa kulankhula molimba amatenga chipinda chonse popanda kupempha.

Tsiku la mtsikana uja linali lachisokonezo. Anafunsa kanayi kuti dayisi ayiponye bwanji. Netiweki inamuchotsa kawiri. Koma titafika pa doko, pomwe pali nkhalamba ina imene yakhala ikutiwolotsa pa bwato kuyambira chaka choyamba, iye anafunsa kuti, “Kodi agogowa dzina lawo ndani? Nanga akudya kuti?” Zaka zonsezi palibe mmodzi wa ife anafunsapo. Tinkangokwera bwato basi. Wotsogolera anakhala kaye chete, kenako anapeka pomwepo nkhani ya mwana wa nkhalambayo amene anamira, ndipo mnzathu wa ku Mzuzu uja analankhula kuposa masiku onse. Akuluakulu aja amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa sankanama.

Mmodzi wa ife sanagwirizane nazo, ndipo mfundo zake si zopepuka. Iye anati timakumana maola atatu okha pa masabata awiri, bandulo timagula ndi ndalama zathu, nde theka la nthawiyo lizithera pophunzitsa munthu? Anatinso, nanga akatopa pakatha mwezi umodzi, titataya munthu wodalirika? Ndipo anafunsa funso limene linatiluma tonse: kodi ife sitikuchita tsankho lomwe timadandaula nalo lija, kukana munthu chifukwa ndi mwamuna?

Tinaliganizira funsolo ndithu. Yankho lathu n'lakuti sitinamukane chifukwa ndi mwamuna. Akanakhala mtsikana wokonza anzake katatu pa ola, tikanakayikanso chimodzimodzi. Koma sitinamizirenso ngati kuti awiriwa anafika pa khomo lathu mofanana. Mnyamatayo ali kale ndi magulu ena awiri amene amasewera nawo. Tikamukana, Loweruka likubwerali akasewera kwina. Mtsikanayo tikamukana, sakasewera kulikonse, ndipo pakatha zaka zisanu adzakhala adakali “wosadziwa”, gulu lina lidzamukananso pa chifukwa chomwecho. Tonse asanu tinawerengapo zilengezo za ntchito zofuna munthu wodziwa ntchitoyo kwa zaka zisanu, ife titangotuluka kumene ku yunivesite, n'kumadzifunsa kuti zakazo tikaziyambira kuti. Zinatichititsa manyazi kupeza kuti tatsala pang'ono kulemba chilengezo cha mtundu womwewo pa masewera.

Masewerawanso ali ndi mbiri yake pa nkhani ya amene amaloledwa kukhala pa tebulo. Anawapanga ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson ku America, ndipo anatuluka mu 1974 kudzera ku kampani ya TSR. Buku la osewera la mu 1978 linali ndi lamulo lakuti mtengambali wamkazi sangafike pa mphamvu zimene wamwamuna angafikepo. Taganizani: dziko muli zinjoka zouluka, afiti oponya moto ndi akufa oyenda, koma mkazi wamphamvu ngati mwamuna ndiye chinali chosatheka. Lamuloli linachoka m'mabuku a mu 1989. Jean Wells, mkazi woyamba kulembedwa ntchito yopanga masewera ku TSR, analemba nkhani yosewera yotchedwa Palace of the Silver Princess. Itangotuluka mu 1981 kampaniyo inaichotsa pa msika n'kuipereka kwa mwamuna kuti ailembenso. Lero zinthu zinasintha. Mu 2021 Aabria Iyengar, mkazi wachikuda, anatsogolera Exandria Unlimited ya gulu lotchuka la Critical Role, ndipo enafe ndi pomuonera iyeyo pamene tinakhulupirira kuti mpando wa wotsogolera si wa anyamata okha. Koma kusintha kwa m'mabuku ndi pa YouTube sikufika kokha pa tebulo la anthu asanu. Pamenepo chimene chimagwira ntchito ndi amene mwamutumizira linki.

Tsopano tidziulule, chifukwa vuto lalikulu la gulu lakale si mlendo, ndi eni akewo. Mu 2022 tinalandirapo mtsikana wina. Anabwera katatu, kachinayi anati akudwala mutu, kachisanu sanayankhe. Ife tinangoti mwina sanazikonde. Patapita miyezi mmodzi wa ife anakumana naye pa ukwati, ndipo anamuuza zoona zake. Anati timaseka nthabwala zimene iye sakuzidziwa, timatchula mayina a mizinda ndi anthu a m'nkhani ngati abale athu, ndipo akafunsa timayankha kuti “aa, ndi nkhani yaitali”. Anati ankamva ngati mkazi wokwatiwa kumene amene wakhala pa khonde, azilamu ake akukamba za maliro a mu 1998. Tinamupatsa mpando, koma malo sitinamupatse.

Nde ulendo uno tachita zinthu mosiyana. Mbiri ya nkhani yathu, imene wotsogolera anailemba m'makope atatu, taifupikitsa pa tsamba limodzi: muli kuti, mdani ndani, muli ndi ngongole kwa ndani. Zina zonse adzazimva akafunsa, ndipo tagwirizana kuti mawu akuti “ndi nkhani yaitali” aletsedwa. Tayambanso mutu watsopano mu mzinda umene palibe mtengambali wathu anafikako, kuti tonse tikhale alendo.

Chimene chinativuta kwambiri ndi ichi. Mnzathu wapitayo mtengambali wake anali wochiritsa. Tikavulala pa nkhondo, iyeyo ndi amene ankatidzutsa. Nesi kuntchito, nesi ku masewera, ndipo palibe anamufunsapo ngati sanatope nazo. Atachoka, maganizo oyamba a tonsefe anali akuti wobwerayo atenge udindo womwewo, chifukwa gulu lopanda wochiritsa limafa msanga. Tinatsala pang'ono kumuuza mtsikanayo kuti walandiridwa, bola akhale wosamalira ena. Mawu amenewa wawamva kale kunyumba, kutchalitchi, kulikonse. Tinamuuza kuti asankhe chimene akufuna, ndipo ngati tizifa pafupipafupi, tiphunzira kuthawa.

Tisanayambe tinakhala naye madzulo amodzi osasewera, ongokambirana, chimene osewera amachitcha session zero. Pamenepo aliyense amanena zimene sakufuna kukumana nazo m'nkhani. Njira imene timagwiritsa ntchito anaifotokoza Ron Edwards mu 2003: pali zinthu zimene siziloŵa m'nkhani n'komwe, pali zina zimene zitha kutchulidwa koma osazifotokoza mwatsatanetsatane. Kwa ife kugwiririra sikuloŵa, ngakhale kuti tionetse kuipa kwa mdani. Tili ndi njira zina zambiri zoonetsera kuti mfumu ndi yankhanza. Timagwiritsanso ntchito X-Card, imene anayambitsa John Stavropoulos: nkhani ikakufika posayenera, umangolemba X mu chat, wotsogolera amakhota, ndipo palibe amene amakufunsa chifukwa. Ena amati zimenezi zimafewetsa masewera. Ife tapeza kuti nkhani zathu zoopsa kwambiri tinazisewera titayamba kuchita zimenezi, chifukwa munthu akadziwa kuti atha kuimitsa, saopa kuloŵa m'phanga. Zaka zonsezi tinkaganiza kuti tikudziwana, koma madzulo amenewo mmodzi wa akalefe anatchula chinthu chimene sanatiuzepo, ndipo tinachionjezera pa mndandanda osamufunsa.

Za ndalama nazo tisazilambalale, chifukwa zimathamangitsa atsikana ambiri kuposa malamulo. Makamera timazimitsa, timangogwiritsa ntchito mawu, bandulo imakhalitsa. Mabuku sitimuuza kuti agule. Malamulo oyambira amapezeka aulere pa intaneti, ndipo dayisi imaponyedwa pa Discord pomwepo. Tili ndi kathumba kamene aliyense amaponyamo akakhala ndi kenakake, ndipo amene mwezi wamuvuta amatapamo ya bandulo popanda kulongosola. Magetsi akathima kwanu nkhondo ili mkati, mtengambali wako safa. Amangoti wabisala kuseri kwa mwala mpaka ubwere. Lamulo limeneli mulibe m'buku lililonse, ndipo ndi limene lasunga gululi.

Chimene tamupempha iye ndi chimodzi, chomwe amapempha ku banki m'khonde: azibwera, ndipo akalephera azinena nthawi ilipo. Ku banki m'khonde salandira munthu chifukwa amakhoza masamu.

Mnyamata uja tinamuimbira foni, sitinangomusiya pa blue tick. Tinamuuza zoona, kuphatikizapo za katatu kaja. Anakhala kaye chete, kenako anaseka n'kunena kuti mlongo wake anamuuzapo zomwezo. Anafunsa ngati angathandize mtsikanayo kupanga mtengambali wake. Tinathokoza, koma tinati ayi, apange yekha, alakwitse yekha. Mnzathu amene sanagwirizane nafe uja sanasinthebe maganizo, akuti tidzaona pakatha miyezi itatu, koma ndi iyeyo amene wadzipereka kumamuimbira mtsikanayo mphindi 15 tisanayambe kuti azikumbutsana za dayisi.

Uthenga wa mtsikanayu watiganizitsa kuti alipo angati ena amene akufuna “kumangomvera” chifukwa akuopa kupempha mpando. Tebulo lathu ladzaza, koma kamodzi pa mwezi tiziyendetsa masewera a madzulo amodzi, nkhani yoyamba n'kutha tsiku lomwelo, ya atsikana anayi amene sanasewerepo. Pakufunika foni, mahedifoni ndi maola atatu. Amene mukufuna tilembereni ku inbox. Awiri a ife adzakuimbirani kaye kuti timvane mawu, ndipo sitidzakufunsani kumene mumakhala kapena chithunzi chanu.

Mnzathu watsopanoyo ayamba Lamlungu likubwerali. Watitumizira kale mtengambali wake: mbala yopuma pa ntchito, ya zaka 60, imene ikuyenda dziko lonse kufunafuna mbuzi yake imene inabedwa. Kuchiritsa sadziwa olo pang'ono. Nesi wathu wa ku Britain atamva anatumiza voice note akuseka ali pa basi ya 6 koloko m'mawa, akuti tikonzeretu mabokosi.