Tisaope mafupa a makolo athu

Mwana wa ku sekondale akafunsa pa katekisimu ngati n'zoona kuti munthu anacokera kwa nyani, ambiri a ife timamudzudzula ndi kumuuza kuti sayansi ndi bodza la Satana. Yankho lotere limabadwa ndi mantha, ndipo likutilanda acinyamata. Mwana akaona kuti mphunzitsi wa kusukulu ali ndi umboni, pamene ife tili ndi ukali wokha, adzatsata mphunzitsiyo.

Tiyambe takonza funsolo. Akatswiri sanena kuti nyani wakuba cimanga m'munda ndiye gogo wathu. Iwo amati anthu ndi acimpanzi anacokera kwa kholo limodzi zaka mamiliyoni zapitazo. Umboni wa mbiri yaitali ya thupi la munthu wafukulidwa muno mu Africa: cigaza ca ku Kabwe m'dziko la Zambia mu 1921, mafupa a Lucy ku Ethiopia mu 1974, ndi nsagwada ya ku Uraha, kufupi ndi Karonga, mu 1991.

Mpingo sunatseke maso pa zimenezi. Mu 1950 Papa Pio XII, m'kalata yake Humani Generis, analola kuti ciyambi ca thupi la munthu cifufuzidwe, natsimikiza kuti mzimu wa munthu aliyense umalengedwa ndi Mulungu mwini. Mu 1996 Papa João Paulo II anavomereza kuti ciphunzitso ca kusintha kwa zamoyo cili ndi umboni wolimba. Kodi ife akatekisiti tidzaletsa cimene apapa analola?

Mdani weniweni ndi nzeru yopotoka imene imatenga sayansi n'kuyamba kusanja anthu, kuti awa ndi anthu enieni, awo ali pafupi ndi nyama. Mu 1906 Ota Benga, mnyamata wa ku Congo, anaonetsedwa m'nyumba ya anyani kumalo osungirako nyama ku Bronx, mumzinda wa New York, ndipo abusa akuda ndiwo anadzuka kutsutsa cipongweco. Lero sayansi yomweyo ikucitira umboni kuti anthu onse ndi mtundu umodzi, wocokera mu Africa. Buku la Genesis limaphunzitsa cimene fupa silinganene: kuti aliyense wa iwo ndi cifaniziro ca Mulungu.

Conco mwanayo akafunsanso, mukhazikeni pansi. Muuzeni za Kabwe, muuzeni za Ota Benga, kenaka mutsegule naye Malembo Oyera.