Msana wa mlimi nawo uunikidwe pa sikani

Aliyense amene amayenda m'misika ya ku Machinga ndi Balaka, kaya ndi pa Ntaja, pa Ulongwe kapena pa Phalula, anakumanapo ndi munthu wotsimphina, dzanja lili m'chiuno, akufunsa komwe angagule indocid kapena brufen. Mukamufunsa chavuta n'chiyani yankho lake ndi limodzi: msana. Wina ndi mlimi wa mpunga ku Domasi, wina wa thonje ku Utale, wina ndi mnyamata wa kabaza amene amakweza zitunda atanyamula matumba a chimanga. Ena msanawo wawavuta chaka, ena zaka zisanu.

Ife a nyuzi ino tikuona kuti vutoli tapepuza nalo mokwana. Munthu akadandaula msana timangoti ndi ukalamba, apo ayi ndi nyamakazi, ena mpaka kuloza chala mbale wawo kuti wawaponda. Koma msana wa mlimi ukagona, khasu nalo limagona, ndipo pofika February m'nyumbamo mwalowa njala.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati mu 2020 anthu 619 miliyoni amavutika ndi msana wa m'munsi, ndipo pofika 2050 akhoza kukwana 843 miliyoni. Mwa odwala khumi aliwonse, pafupifupi asanu ndi anayi chenicheni chowapweteka sichidziwika. Komabe pakati pa anthu amenewa pali ena amene vuto lawo lingathe kupezeka, ndipo mwa njira yosaboola m'thumba.

Tikunena za mtsempha wopanikizika. Uwu si mtsempha wa magazi ayi, koma wonga ulusi umene umatengera uthenga wa ululu ku ubongo. Kuchokera pa fupa la msana pali timitsempha tina totere, madokotala amati cluneal, timene timatsika kudutsa pamwamba pa fupa la chiuno kupita ku khungu la m'matako. Podutsapo ndi pothina, pakati pa fupa ndi mnofu wolimba. Kamtsempha kakafinyika pamenepo munthu amamva kuwawa kapena kuotcha mbali imodzi ya chiuno, nthawi zina mpaka kutsikira m'mwendo, ndipo ululu umakula akawerama, akaima nthawi yaitali kapena akayenda. Pamakhala malo amodzi, masentimita pafupifupi 7 kuchoka pakati pa msana, oti mukadinapo ndi chala wodwala amadumpha.

Mu 2014 madokotala a ku Japan anaunika odwala msana 834 ndipo 113 mwa iwo anapezeka ndi vuto limeneli. Ofufuza ena anapeza chiwerengero chochepa kuposa apo, koma onse amavomereza kuti matendawa alipo ndipo kawirikawiri amaphonyedwa. X-ray imaonetsa mafupa, siionetsa mtsempha. Ngakhale makina odula a MRI, onga amene anafika pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008, amatha kukaphonya kamtsempha aka chifukwa n'kakang'ono zedi.

Apa ndi pamene pakubwera sikani, makina omwe aja amayi oyembekezera amaunikidwa nawo ku sikelo. Makinawa amatumiza m'thupi phokoso losamveka ndi khutu, ndipo likabwerera limajambula chithunzi cha zam'kati. Popeza kamtsemphaka kali pafupi ndi khungu, munthu wophunzira bwino amatha kukatsata pa sikani, n'kulondolera jakisoni wa mankhwala ochititsa dzanzi pamalo enieniwo. Ululu ukazilala m'mphindi zochepa ndiye kuti mbala yagwidwa. Ena amapeza bwino ndi majakisoni ochepa pamodzi ndi mafizo, ndipo owerengeka amafunika opaleshoni yaing'ono yomasula mtsemphawo.

Tisanamizane, sikani si mankhwala a msana uliwonse. Siona kupyola fupa, choncho singalowe m'malo mwa X-ray kapena MRI. Munthu amene msana ukumupweteka uku akuonda, akutuluka thukuta usiku, miyendo ikufooka kapena mkodzo ukungotuluka wokha, athamangire ku chipatala tsiku lomwelo, chifukwa ikhoza kukhala TB ya m'mafupa kapena khansa.

Nanga chikutiletsa n'chiyani? Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Zipatala za maboma m'dziko muno zimagwiritsa kale ntchito sikani, ndipo kuyambira 2016 WHO imalangiza kuti mayi woyembekezera aunikidwe kamodzi mimba isanakwane masabata 24. Chofunika kuwonjezera ndi kachipangizo kena kogunditsa pakhungu koonera zinthu zosazama, popeza ka amayi kaja kamaona zakuya, ndiponso maphunziro kwa ogwira ntchito. Dziko lino lakhala likuphunzitsa ma clinical officer a za mafupa kuyambira 1985, ndipo ndi iwowa amene agwira ntchito ya mafupa m'maboma zaka zonsezi. Kodi anthu oti amalumikiza fupa lothyoka angalephere kuphunzira kutsata mtsempha pa sikani?

Tikuthokoza kuti mu 2023 ku Lilongwe kunatsegulidwa chipatala cha mafupa ndi mitsempha cha LION. Koma mayi wa ku Nayuchi, kumalire ndi Mozambique, ndalama yokafikira ku Lilongwe aitenga kuti? Kungofika pa Liwonde pokha amayamba wagulitsa nkhuku. Akalephera amabwerera ku mapiritsi a pa okala, amene akamwedwa miyezi yambiri amayambitsa zilonda za m'mimba ndi kuononga impso. Ena amathera mbuzi kwa asing'anga kutemetsa mphini.

Choncho pempho lathu ku Unduna wa za Umoyo ndi sukulu ya ukachenjede ya KUHeS ndi lakuti ayambe ndi zipatala ziwiri, cha Machinga pa Liwonde ndi cha Balaka. Aphunzitse anthu awiri kapena atatu pa chipatala chilichonse, apatule tsiku limodzi pa sabata la odwala msana wa mgonagona, ndipo pakatha chaka atiuze poyera kuti anaunika angati ndipo anathandizika angati. Aphungu a maboma awiriwa nawo akaifunse nkhaniyi ku Nyumba ya Malamulo. Mu 2001 ku Abuja atsogoleri a mu Africa analonjeza kupereka K15 pa K100 iliyonse ya bajeti ku zaumoyo, ndipo zomwe tikupemphazi ndi kadontho chabe pa lonjezo limenelo.

Kwa inu owerenga athu tikuti, ngati msana wakuvutani kupitirira miyezi itatu, pitani ku chipatala ndipo mukaloze ndi chala chimodzi pamene pakupweteka. Funsani mwaulemu ngati sungakhale mtsempha wopanikizika. Kufunsa ndi ufulu wanu, ndipo wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.