Foni yachokera ku Joni, nambala n'njakonkuno

Foni ikulira pa msika wa Nkhunga m'boma la Nkhotakota, ikuonetsa nambala yoyamba ndi 088 kapena 099. Poyankha, mayi akumva mawu a mwana wawo yemwe ali ku Johannesburg. Mawuwo akudukaduka, ndipo foni itaduka, nambalayo sikuyankhidwanso akaiimbira.

Chachitika n'chiyani? Foni yochokera kunja imadutsa m'makampani angapo omwe amagwirizana zopatsirana mafoni, kawirikawiri kudzera pa intaneti. Kampani yomaliza, monga TNM kapena Airtel, imalipidwa pa mphindi iliyonse, ndipo mtengo wolandirira foni yakunja umaposa wa foni yam'dziko.

Apa ndi pomwe akathyali amadyerapo. Amaika makhadi ambiri a foni akonkuno m'makina otchedwa SIM box, omwe amalandira foniyo pa intaneti n'kuiimbanso ngati yochokera m'dziko momwemuno. Kampani imaluza, boma limataya msonkho, pamene mayi uja sangadziwe yemwe akuimba mpaka atayankha.

N'chifukwa chake funso loti ndani ayenera kuulula njira yomwe foni yadutsa lili lofunika. Makampani amati mapangano awo ndi chinsinsi cha bizinesi, pomwe bungwe loyang'anira zofalitsa mauthenga la Macra limafuna kudziwerengera lokha mphindi zolowa m'dziko.

Mkanganowu unafika kukhoti. Macra itagula makina a CIRMS kukampani ya Agilis International ya ku America pamtengo wa madola 6.8 miliyoni, anthu adawatcha makina aukazitape. M'chaka cha 2012 khoti lalikulu lidaletsa kuwagwiritsa ntchito, koma mu 2014 khoti la Supreme lidasintha chigamulocho n'kuloleza Macra.

Mantha a anthu sadali opanda maziko. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu, kuphatikizapo zokambirana palamya. Ngakhale popanda kumvetsera mawu, kaundula wa mafoni amaonetsa yemwe waimbira mnzake, nthawi yake ndi dera lomwe adali. Kuyambira 2018, pomwe kulembetsa nambala ndi chiphaso kudakhala kokakamiza, nambala iliyonse ili ndi dzina la mwini wake.

Choncho malire ayenera kuoneka bwino. Kampani iulule dziko lomwe foni yachokera, makampani omwe yadutsamo ndi mphindi zake, komanso nambala yeniyeni ya woimba ifike kwa woyankha. Koma za yemwe amayankhulana ndi ndani zisatuluke popanda chilolezo cha khoti.

Ambiri masiku ano amaimbirana pa WhatsApp, koma gogo wa kafoni kamabatani ku Nkhunga akudalirabe njira yakale. Iye safuna zambiri: foni ikalira, adziwe ngati ndi mwana wake kapena tambwali wofuna kumubera ndalama za fetereza.