Tikambirane za Pakhomo: Kodi Paundi Ija Inatisiya Bwanji?

Abale ndi alongo, mtsinje wa Diamphwe, umene uli kumwera kwa boma la Lilongwe, umakathira mu Linthipe, ndipo Linthipe amakathira m'nyanja ku Salima. Malonda nawonso amatilumikiza chimodzimodzi. Usipa wanu umakwera kukagulitsidwa pa misika ya Mitundu ndi Nathenje, pamene chimanga ndi mtedza wakumeneko zimatsikira kwa inu. Tsono nkhani ya ndalama imene tinaimva kumeneko ndi yanunso.

Tili pa msika wa Mitundu tinamva agogo ena akufunsa mtengo wa mchere. Atauzidwa anati, "Ana inu, pamenepo ndi mapaundi angati?" Anyamata anaseka, koma agogowo sanalakwitse. Kufikira 1971 dziko lino linkagwiritsa ntchito paundi, sheleni ndi khobidi, ndipo paundi yathu inali ndi mphamvu yofanana ndi ya ku Britain. Kwacha itabwera m'chaka chimenecho, K2 inali paundi imodzi ndipo 10 tambala inali sheleni. N'chifukwa chake akuluakulu anapitiriza kutchula K2 kuti paundi kwa zaka zambiri.

Poyamba kwacha inamangirizidwa ku paundi: paundi ikakwera nayo inkakwera, ikatsika nayo inkatsika. Mu 1973 boma linayamba kuiyeza ndi paundi pamodzi ndi dola ya ku America, ndipo mu 1984 linasankha ndalama za mayiko asanu ndi awiri. M'zaka za m'ma 1980 kwacha inachepetsedwa mphamvu kangapo, koma kugwa kwakukulu kunadza mu February 1994, pamene anaimasula kuti mtengo wake uzidziwika pa msika. Chaka chimenecho chikuyamba, paundi imodzi inkagulidwa ndi ndalama zosakwana K7. Pofika December inali itapitirira K20. Kwacha inagwanso mu August 1998, mu May 2012, mu May 2022, ndiponso mu November 2023 pamene Reserve Bank inaitsitsa ndi 44 peresenti. Mu 2024 paundi imodzi inkafuna ndalama zoposa K2,000 ku banki. Paundi yomwe ija ya K2!

Chimachititsa n'chiyani? Ife Amalawi timagula zambiri kunja kuposa zimene timagulitsako. Feteleza, petulo, mankhwala a m'chipatala ndi injini za maboti, zonsezi zimalipidwa ndi ndalama zakunja. Ndalamazo zikachepa m'dziko, ozifuna amachuluka ndipo mtengo wake umakwera, monga umakwerera mtengo wa chimanga mu January.

Ena amati mlimi wa fodya amapindula kwacha ikagwa, popeza ku okushoni ku Kanengo fodya amagulidwa m'madola. Ndi zoona kuti amalandira makwacha ochuluka, koma taonani nyengo zake. Fodya amagulitsidwa kuyambira cha mu April, pamene feteleza ambiri amamugula mvula ikayandikira. Mlimi wa ku Nathenje amene anasunga ndalama zake za fodya mu 2023 kudikira November, anakumana ndi mitengo yatsopano ali ndi ndalama zakale. Msodzi amene anachedwa kugula chilimira anaona zomwezo.

Tiwerengere limodzi. Munthu amene anaika K1,400 m'chitini mu January 1994 anali ndi chuma choposa mapaundi 200. Potsekula chitinicho mu December anapeza ndalama zake zonse zilimo, palibe anaba, chiswe sichinadye, koma sizikanagulanso ngakhale mapaundi 70. Malata amene ankafuna kufolerera nyumba anali atamuthawa iye ali m'tulo.

Nanga titani pakhomo? Choyamba, tikagulitsa fodya, mtedza kapena nsomba, tigule msanga zipangizo za nyengo ikubwerayo tisanayambe zina. Chachiwiri, chuma china tichisunge m'zinthu zosagwa pamodzi ndi kwacha, monga mbuzi, chimanga cha m'nkhokwe, njerwa ndi malata. Komabe tisiyeko ndalama pang'ono za matenda ndi maliro. Chachitatu, ngongole ya m'bale tibweze pa tsiku limene tinapangana. Amene akubweza K10,000 patatha zaka zitatu wabweza nambala yokha, mphamvu ya ndalamayo yatsala m'njira, ndipo amene anamuchitira chifundo ndiye waluza. Maubale ambiri asokonekera pa zimenezi.

Amayi ndi abambo, khalani pansi muwerengere limodzi ndalama zikangolowa m'nyumba, ana akuluakulu ali pomwepo kuti aphunzire. Mtengo wa paundi sitingausinthe tili ku Mangochi, ku Nkhotakota kapena ku Mitundu, koma tsiku logula feteleza ndi tsiku lobweza ngongole timasankha tokha. Paja akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.