Mimba ya bass ndiyo imasankha nyambo

M'masitolo a zipangizo zowedzera ku Harare ndi ku Johannesburg mumapezeka khoma lathunthu la nyambo zochita kupanga: tinsomba tapulasitiki ta maso ofiira, achule amphira, nyongolotsi zofewa zamitundumitundu, ndi tizitsulo tonyezimira tolendewera pa waya. Zambiri mwa zimenezi amapangira nsomba imodzi, largemouth bass, nsomba yaikulu kukamwa yomwe kwawo ndi ku North America. Anaibweretsa ku South Africa mu 1928, posakhalitsa inafika ku Zimbabwe, ndipo lero madamu a Albert Falls ku KwaZulu-Natal ndi Darwendale kufupi ndi Harare amatchuka chifukwa cha iyo. Wogula amaima pakhomapo n'kumafunafuna nyambo yofanana kwambiri ndi nsomba yeniyeni, ya mamba ojambulidwa mwaluso. Ine ndikuti ndalama ndi nzeru zake akuziponya kolakwika. Bass ilibe nazo ntchito za luso la wojambula. Chimene imafuna kudziwa n'chakuti chinthu chikudutsachi chikwana m'kamwa kapena ayi, ndiponso kuti kuchigwira kuidyera mphamvu zochuluka bwanji. Wowedza amene wamvetsa mafunso awiriwa amapha nsomba ndi nyambo zochepa chabe, mnzake wa bokosi lodzaza akubwerera chimanjamanja.

Bass ilibe mano odula nyama monga a tigerfish ya mu Zambezi. Timano take n'tating'ono, tokhakhala, ntchito yake n'kugwira basi. Ikayandikira chakudya imayasamula mwadzidzidzi n'kutambasula zivundikiro za m'mbali mwa mutu, madzi amathamangira m'kamwa atanyamula chakudyacho, kenako amatulukira m'mbali, chakudya n'kutsala. Zonsezi zimatha munthu asanaphethire. Popeza imameza chathunthu, kawirikawiri kuyambira kumutu, malire a chakudya chake ndi kukula kwa kukamwa. Ikadali kamwana imadya tizilombo toyandama tovuta kuona ndi maso, kenako tizilombo tokulirapo, ndipo ikatalika masentimita pafupifupi 5 imayamba kumeza tinsomba, ngakhale tiana ta bass inzake. Yaikulu imadya nsomba, achule, nkhanu, crayfish, mbewa yogwera m'madzi, mwina ndi kamwana ka bakha. Nsomba yosasankha chonchi siingakhale ndi chithunzi chimodzi cha chakudya m'mutu mwake. Komanso imalavula msanga monga momwe imamezera: chinthu chikakhala cholimba, chosamveka ngati nyama, imachitulutsa wowedza asanamve n'komwe kugwedera kwa chingwe. N'chifukwa chake nyongolotsi yapulasitiki yofewa, imene Nick Creme wa ku Ohio anayamba kupanga mu 1949, ikuphabe bass zosawerengeka mpaka lero, chonsecho nyongolotsi si chakudya chimene bass imakumana nacho kawirikawiri m'damu. Kufewa kwake kumainyenga kuti iisunge m'kamwa mpaka mbedza ikole.

Nkhani ya mphamvu ndiyo yaikulu. Thupi la bass ndi lojintcha, mchira wake ndi wotakata, limatha kudumpha mwadzidzidzi ndi kukhota pamalo opanikiza, koma silinapangidwire liwiro la mtunda wautali. Choncho nthawi zambiri imabisalira pansi pa chitsa chomira, m'mphepete mwa bango, mumthunzi wa masamba oyandama, kapena pamene pansi pa damu patsetsereka mwadzidzidzi. Munthu salipira minibasi kukagula tomato wotchipa kumsika wakutali pamene mtengo wa ulendowo ukuposa zimene apulumutse, ndipo bass nayo siithamangitsa kansomba kathanzi kamene sikaibwezera mphamvu zomwe yawononga. Imadikira kofooka, kopatuka pagulu, kosambira mopendekeka. Lauri Rapala, msodzi wosauka wa ku Finland, anaona khalidwe lomweli mu nsomba zolusa za m'nyanja za kwawo, ndipo mu 1936 anasema kansomba ka cork n'kukakuta ndi pepala lonyezimira la chokoleti. Chimene anavutikira kwambiri ndi kasambiridwe ka nyamboyo, kugwedezeka kuja kwa nsomba yovulala. Apa pali chinthu choseketsa: nyambo ikakhala yodula, mwini wake amaopa kuti ikodwa m'zitsa, ndiye amaiponya pamadzi oyera pomwe palibe chokola, komwenso kulibe nsomba. Nyambo wamba imene yagunda chitsa, n'kupatuka, n'kuima pang'ono, ndiyo imaoneka ngati chakudya chaulere.

Kenaka pali kutentha kwa madzi, kumene owedza ambiri amakunyalanyaza chifukwa sikugulitsidwa m'sitolo. Thupi la nsomba limatentha kapena kuzizira molingana ndi madzi amene ili. Madzi akatsika pansi pa madigiri 10, bass imafooka, chakudya chimatenga masiku kuti chigayike m'mimba, ndipo imadya mwa apo ndi apo. Akafika cha m'ma 25 mpaka 29, mimba imagaya msanga, njala imabwera pafupipafupi, nsomba imalolera kuthamanga. Motero nyambo imodzimodziyo, pamalo amodzimodziwo, ikhoza kupha mu Novembala n'kulephera mu Juni, osati chifukwa yasuluka mtundu koma chifukwa wowedza akuikoka pa liwiro la nyengo yotentha pamene nsomba ili m'nyengo yozizira. Mu Juni ndi Julayi nyambo iyenera kukwawa pansi, kuima nthawi yaitali, ndi kudutsa pamphuno penipeni. Dzuwa la Okutobala nalo lili ndi vuto lake. M'madamu akuya madzi amagawikana, apansi kwambiri amatha mpweya, apamwamba amatentha mopitirira, ndipo nsomba zimasonkhana pakati kapena mumthunzi, n'kumakwera kudzadya m'bandakucha ndi madzulo. Woponya nyambo pansi penipeni masana otere akuwedza m'madzi opanda nsomba.

Nanga mitundu yonse ija? Bass imaona bwino ndithu, ndipo maso ndiwo imadalira kwambiri posaka. Koma siiona monga ife. Kafukufuku wa ku America amene anasindikizidwa mu 2018 anapeza kuti diso lake limamva makamaka mitundu iwiri, wofiira ndi wobiriwira, ndipo nsombazo zinkavutika kusiyanitsa chikasu chowala chija chotchedwa chartreuse ndi mtundu woyera, komanso wabuluu ndi wakuda. Onjezani kuti m'madzi kuwala kofiira ndiko kumayamba kuzimirira pamene mukutsikira pansi, ndiponso kuti m'madzi amatope a nyengo yamvula diso silifika patali. Pamenepo nsomba imadalira mzere wa m'nthiti mwake, womwe umamva kugwedezeka kwa madzi kuchokera ku chinthu chapafupi. Taonani spinnerbait, waya wopindika, mbali ina tizitsulo tozungulira, mbali ina mbedza yovala siketi yamphira. Palibe cholengedwa cha m'madzi chooneka choncho, koma ndi imodzi mwa nyambo zodalirika kwambiri, chifukwa imanyezimira ndi kugwedeza madzi monga kagulu ka tinsomba tothawa. Mtundu uli ndi ntchito yake, yothandiza kuti nyambo ioneke, yowala kapena yakuda malinga ndi madziwo. Kupitirira apo ndi nkhani ya wogulitsa ndi wogula.

Wina anena kuti kufanana ndi chakudya chenicheni kumathandiza ndithu, ndipo apereka umboni wa madamu a ku California, kumene bass zikuluzikulu zimanenepa ndi trout zimene boma limathiramo, ndipo akatswiri amazipha ndi nyambo zazikulu zooneka ngati trout. Izi n'zoona, makamaka m'madzi oyera mbee momwe nsomba imakhala ndi mpata wotsatira nyambo n'kuiyang'anitsitsa. Koma tiyeni tifunse chimene chikufanana. Nyambo zimenezo ndi zazitali ngati trout, zimasambira pakuya pamene trout imasambira, ndipo mchira wake umagwedezeka pang'onopang'ono monga wa trout yosokonezeka imene yangotsitsidwa kumene mu thanki ya galimoto. Kukula, kuya ndi liwiro ndizo zikugwira ntchito yaikulu, ndipo zitatu zonsezi zimachokera ku funso la chimene nsombayo ikudya sabata imeneyo. Yankho lake limapezeka poyang'ana m'mphepete mwa damu ndi kukhosi kwa nsomba yoyamba kugwidwa, momwe nthawi zina mumaonekera mchira wa kansomba kapena chala cha nkhanu.

Ena amati bass siiluma chifukwa cha njala yokha, imalumanso chifukwa cha ukali, ndiye za mimbazi n'zosakwanira. Mbali ina akunena zoona. Madzi akayamba kufunda, kum'mwera kwa Africa cha mu Ogasiti mpaka Okutobala, yamphongo imasesa chisa pamalo osaya n'kumalondera mazira ndi tiana, ndipo masiku amenewo imadya pang'ono kwambiri. Chilichonse cholowa m'chisa imachinyamula n'kukachitaya kunja. Koma imeneyi ndi nyengo yaifupi, ndipo nayonso ikuvomereza mfundo yomweyi, yakuti malo amene nyambo yagwera ndi amene akuchititsa, osati kukongola kwake. Ndinenenso kuti kuwedza yamphongo pachisa si luso lotamandika kwa amene akufuna kuti damu lake likhalebe ndi nsomba, pakuti ikangochotsedwa kanthawi kochepa, tinsomba tina timalowa n'kudya mazira.

Funso lolimba kwambiri ndi lakuti, ngati mimba ndiyo ikulamula, bwanji osangokoleka kansomba kamoyo? Bass yolemera makilogalamu 10.12 imene Manabu Kurita anagwira m'nyanja ya Biwa ku Japan pa 2 Julayi 2009 inameza nsomba yamoyo yotchedwa bluegill, ndipo inawerengedwa kuti yafanana ndi mbiri ya George Perry, amene anagwira ya makilogalamu 10.09 ku Georgia mu 1932 ndi nyambo yochita kupanga. Palibe chotsutsa apa: chakudya chenicheni n'chovuta kuchiposa. Ubwino wa nyambo yochita kupanga ndi wakuti imayenda, imafufuza zitsa zambiri pa ola limodzi, ndipo kawirikawiri imakola pamlomo osati m'mimba, kotero nsomba ikhoza kubwezeredwa m'madzi ili moyo. Komabe dzina la Biwa likutikumbutsa mbali ina ya kukamwa kumeneku. Kumeneko bass ndi bluegill, zonse zobwera, zinachepetsa kwambiri nsomba za m'nyanjamo, mpaka mu 2003 boma la chigawo cha Shiga linaletsa kuzibwezera m'madzi. Ku Guatemala anaithira m'nyanja ya Atitlán mu 1958, ndipo inali chimodzi mwa zinthu zimene zinatha mbalame ya m'madzi yomwe inkapezeka kumeneko kokha. Amene wamvetsa kadyedwe ka nsombayi sangainyamule mu ndowa kukaithira mumtsinje wolowera ku nyanja ya Malawi, komwe kuli mitundu mazanamazana ya nsomba zosapezeka kwina kulikonse.

Chimene chingaoneke ngati chikuikira kumbuyo bokosi lodzaza ndi chakuti bass imaphunzira. Nsomba yomwe yalasidwapo ndi nyambo ya mtundu wina imayamba kuipewa, ndipo m'madamu owedzedwa kwambiri izi zimaoneka. Kafukufuku wa David Philipp ndi anzake pa Ridge Lake ku Illinois, yemwe anayamba m'zaka za m'ma 1970 n'kusindikizidwa mu 2009, anapita patali kuposa apo. Anasiyanitsa nsomba zogwidwa kambirimbiri ndi zosagwidwa n'komwe, n'kuzisiya kuti ziswane padera kwa mibadwo itatu, ndipo anapeza kuti kukoledwa msanga kumayenda m'magazi. Atazipima, zokoledwa msangazo zinali ndi mtima wogunda mofulumira ndi thupi lotentha chakudya msanga, kutanthauza kuti ndi zanjala kwambiri. Choncho m'damu limene anthu akhala akupha ndi kutenga nsomba kwa zaka zambiri mumatsala zochenjera ndi zosafulumira kumva njala. Zikatere kusintha nyambo kumathandiza, koma kusintha kwake ndi kochepetsa phokoso, kuchepetsa kukula kwa nyambo ndi kunenepa kwa chingwe, kukoka modekha, ndi kuponya pa chitsa chimene mabwato ena amachilambalala poopa kutaya mbedza.