Voti ya ku New York inaponyedwa m'dzina lathu

Pa 18 September 2024, ku likulu la United Nations, maiko 124 anavomereza mfundo yoti Israel achoke m'madera a Apalestina omwe anawalanda. Maiko 14 anakana, ndipo mu Africa monse muno ndi Malawi yekha amene anali m'gulu lokanalo. Kuno ku Phalombe nkhaniyi inangodutsa mwakachetechete. Pa Migowi tinali kalikiliki kukangana za mtengo wa feteleza ndi wa nandolo.

Ndikuti chete wathuyu ali ndi mlandu, ndipo ife a m'malire sitiyenera kuchita kuuzidwa, pakuti zotere tinaziona kale.

Mu 1967 Kamuzu anakhazikitsa ubale ndi boma la tsankho la South Africa pamene anzathu ankalisala. Mtsogoleri wa bomalo, John Vorster, anabwera kuno mu 1970, Kamuzu nakabweza ulendowo mu 1971, ndipo ngongole ya azungu aja inathandiza kumanga Lilongwe. Nkhondo ya Renamo itakula, boma la Mozambique linkadandaula kuti zigawenga zikudutsira ku Malawi. Kamuzu ankakana. Mu September 1986 Samora Machel, Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe anachita kubwera ku Blantyre kudzamuuza maso ndi maso.

Zotsatira zake sizinathere ku Sanjika. Zinafika pakhomo pathu, nthawi imeneyo tikadali pansi pa boma la Mulanje. Anthu othawa nkhondo ku Zambezia, m'dziko la Mozambique, ankatulukira m'tinjira ta m'thengo usiku, mayi atabereka mwana kumbuyo, mphika kumutu, mapazi atatupa. Ambiri ankalankhula Chilomwe chomwe agogo athu ankalankhula, pakuti nafenso tinachokera komweko. Amayi anga ankatapa ufa m'dengu osayeza, n'kuwalozera kachigawo ka munda kuti abzalepo chinangwa. Dziko lathu lonse linasunga othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi, mtendere usanasainidwe ku Rome mu October 1992.

Makolo amenewo sindingawaimbe mlandu wa zomwe Kamuzu ankachita. Munthu wogula khadi la chipani kuti aloledwe kulowa mu msika, akuopa Payoniya ngakhale pamaliro, akanafunsa bwanji za ubale ndi South Africa? Pomwe akanatha, anachitapo kanthu ndi ufa wawo.

Ife zathu n'zina. Chichokereni referendamu ya 14 June 1993 pakamwa n'potsegula, ndipo timaimba foni pa wailesi kudzudzula nduna poitchula dzina. Komabe pa misonkhano ya kampeni yomwe ndinapitako, kuyambira ku Chiringa mpaka pa boma, sindinamve wina akufunsa wofuna uphungu maganizo ake pa za Gaza. Mafunso athu amathera pa mjigo ndi mlatho.

Ena amati wosauka sasankha bwenzi. Ndikuwamva ndithu. Mu November 2023 achinyamata 221 ananyamuka kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel nkhondo ya ku Gaza ili mkati, ndipo palibe kholo lingakane ndalama yomwe mwana watumiza. Sindikuwanyoza anawo, njala siinama. Koma chifukwa chimenechi n'chomwe Kamuzu ankapereka, kuti dziko lopanda doko liyenera kudya ndi aliyense.

Mwina boma linali ndi zifukwa zomveka povota chomwecho. Lizinene poyera, ndipo phungu aliyense wa Phalombe akafunse mu Nyumba ya Malamulo kuti anaganiza votiyo ndani, komanso analonjezedwa chiyani.